Nsungwi ya agogo ndi ndodo ya boma: mmene takhala tikuyezera madzi a Cilwa

Caka ca 1968 ndinali mnyamata wa zaka khumi, ndipo ndi caka cimene ndinaona koyamba pansi pa nyanja. Kumudzi kwathu, kuno ku Mecanhelas, bwato la atate linagona pamatope ouma kwa miyezi yambiri. Pamene tinkasambira kale panali ming'alu yoti phazi la mwana n'kulowamo, ndipo mphepo ikawomba masana inkanyamula fumbi lotuwa lowawa m'maso. Anthu ankayenda wapansi kulunjika ku cilumba ca Chisi, ulendo umene kale unali wa pabwato.

Tsiku lina ndinafunsa agogo aamuna kuti, "Agogo, kodi nyanja yafa?" Iwo sanayang'ane n'komwe kunyanjako. Anandigwira dzanja, tinakwera ndi mtsinje wa Mnembo mpaka pa dziwe lina la pamthunzi, nandiuza kuti ndiyang'anitsitse. M'madzi obiriwirawo munali milamba ndi timatemba tikuyendayenda. "Nyanja ili umu, mdzukulu wanga," anatero agogo. "Tsiku limene udzapeze maiwe awa atauma gwaa, pamenepo udzalire."

Masiku ano akatswiri a madzi amalankhula za zizindikiro, zimene m'Cipwitikizi amati indicadores. Awa ndi manambala osankhidwa kuti auze anthu ngati madzi a dera lawo adzafikire ana ndi adzukulu, kapena ngati eni dera ayamba kudya mbewu. Ine ndikufuna kufotokoza mbiri ya kuyeza kumeneku pa nyanja yathu, kuyambira kwa makolo mpaka lero. Cimene mbiriyi yandiphunzitsa n'cakuti muyezo wosavuta kuuwerenga, wa kukwera ndi kutsika kwa nyanja, ndi umene umanena zocepa za mawa. Zizindikiro zonena zambiri zili kumtunda, m'mitsinje, m'zitsime ndi m'dengu la msodzi, ndipo mbali yathu ino ndi ocepa amene akuzilemba.

Nyanja yopanda khomo lotulukira

Tiyambe ndi kuidziwa nyanjayo. Mapu a kuno amailemba Chirua, a ku Malawi amailemba Chilwa. Mitsinje imalowamo koma palibe umene umatulukamo. Kucokera ku mapiri a Zomba, a Chiradzulu ndi a Mulanje kumabwera Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani. Kucokera kwathu kuno, waukulu ndi Mnembo. Dera lonse limene mvula yake imatsikira m'nyanjayi ndi lalikulu makilomita apabwalo pafupifupi 8,300, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu lili m'Mozambiki.

Kalekale, Cilwa ndi Ciuta inali nyanja imodzi. Mtunda wautali wa mcenga ndi umene unazilekanitsa, ndipo pamtunda womwewo ndi pamene padutsa njanji yocokera ku Cuamba kulowa m'Malawi, imene inatsegulidwa mu 1970. Dzina la Entre Lagos, moyang'anizana ndi Nayuchi, likunena zomwezo: pakati pa nyanja ziwiri. Madzi a Ciuta ali ndi njira. Amapita ku Amaramba, n'kulowa mu Lugenda, kenako mu Rovuma mpaka kunyanja yamcere. A Cilwa alibe kolowera. Amacoka ndi dzuwa lokha, n'kusiya mcere wake wonse m'mbuyo.

Nyanjayi ndi yosazama. Malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita awiri kapena atatu, pamene dzuwa ndi mphepo zimamwa madzi oposa mita imodzi caka ciliconse. Ili ngati mbale yaphanthiphanthi yoikidwa padzuwa, imene imakhala ndi madzi cifukwa cakuti wina akuthiramo. Mvula ikaperewera dzinja limodzi, nyanja imapirira. Ikaperewera madzinja awiri kapena atatu otsatizana, pansi pamaonekera. Conco kuuma kwa Cilwa si cilango cacilendo, ndi khalidwe lake. Funso lenileni ndi lakuti ikauma, kodi idzabwerera ndi nsomba zake.

Miyezo ya makolo

Makolo athu analibe manambala olembedwa, koma miyezo anali nayo. Ndikaikumbukira ndimapeza isanu.

Woyamba unali nsungwi yokankhira bwato. Pa Cilwa sitidalira nkhafi zokha, timakankha ndi nsungwi yofika pansi, conco msodzi aliyense amayeza kuya kwa madzi tsiku lililonse. Agogo ankadula kamzere ndi mpeni pa nsungwi yawo, pamene madzi a pa dooko lathu alekezera mvula itangotha, n'kuyerekeza ndi kamzere ka caka cathaco. Waciwiri unali lilime. Madzi akayamba kuwawa ndi kuterera m'manja ngati sopo cilimwe cisanafike pakati, ankadziwa kuti nyanja yaphwa msanga. Wacitatu unali matemba: kukula kwake, ndiponso ngati ali ndi mazira pa nyengo yake. Wacinayi unali wa amayi, cingwe ca pacitsime, cimene ankaciwerenga m'mikwamba. Wacisanu, umene agogo ankauika patsogolo pa yonse, unali mwezi umene mtsinje waduka n'kusanduka maiwe, ndi kuculuka kwa maiwe otsala mvula isanagwe.

Zaka ankazikumbukira ndi zocitika. Agogo ankati nyanja inaumanso ali kamnyamata, "caka ca nkhondo ya Chilembwe." John Chilembwe anaukira atsamunda a ku Nyasaland mu Janeiro 1915, ndipo zolemba za nthawi imeneyo zikuvomereza kuti Cilwa inaphwa kwambiri mu 1914 ndi 1915. Zaka zomwezo nyanja ya Niassa inatsika mpaka mtsinje wa Shire unaleka kutulukamo, ndipo unakhala wotsekeka pafupifupi zaka makumi awiri, kufikira pakati pa zaka za m'ma 1930. Nkhalamba ya m'mudzi ndi kalata ya ku boma zinanena cimodzimodzi.

Miyezo imeneyi inali ndi cofooka cake. Inkakhala m'mutu mwa munthu, ndipo mwini akamwalira inkapita naye kumanda. Nsungwi imafumbwa. Koma inalinso ndi mphamvu ziwiri zimene manambala a masiku ano amazisowa kawirikawiri. Inkawerengedwa yonse pamodzi, ndipo uliwonse unkatsogolera ku cocita. Mtsinje ukaduka msanga, mfumu inkaletsa kuthira katupe m'maiwe. Cingwe cikatalika, mudzi unkakumba citsime cina kudambo dzuwa lisanafike poipa.

Alendo anayeza gombe n'kulisandutsa malire

David Livingstone anafika pa nyanjayi mu Abril 1859, n'kuilemba kuti Shirwa. Iyenso anayeza ndi lilime, ndipo anaona kuti madzi ake ndi owawirako. Cimene cinkasautsa Azungu a nthawi imeneyo si cakuti madziwo adzakhalitsa kapena ayi, koma kuti amapita kuti. Ambiri ankaganiza kuti Lugenda amacokera mu Cilwa. Mu 1883 Henry O'Neill, kazembe wa Britain ku cilumba ca Mozambiki, anayenda wapansi kucokera kugombe mpaka kuno, ndipo anaonetsa kuti Lugenda amatuluka ku Amaramba ndi Ciuta. Zimenezi msodzi aliyense wa kuno ankazidziwa kale.

Pa 11 Junho 1891, Portugal ndi Britain anasainirana pangano la malire ku Lisboa. Panganolo linati malire adzatsata gombe la kum'mawa la Ciuta, kenako gombe la kum'mawa la Cilwa mpaka kumapeto kwake cakumwera. Olembawo anatenga gombe ngati cinthu cokhazikika, ngati phiri. Koma pa nyanja yosazama ngati iyi, madzi akatsika mita imodzi gombe limathawa mtunda wautali, n'kusiya dambo la mpunga ndi msipu wa ng'ombe. Pambuyo pake anacita kuika zipilala kuti malire asamayende ndi madzi.

Ndikuchula panganoli cifukwa linasiya cilema cimene cikadalipo. Linadula dera limodzi la madzi pakati. Madzi ambiri a nyanja anagwera mbali ina, mitsinje ina yoidyetsa inagwera mbali ino. Kuyambira pamenepo boma lililonse linkayeza gawo lake, m'cilankhulo cake, n'kutumiza manambala ku likulu lake. Mvula yogwa m'mapiri a kuno inkalembedwa m'buku lopita ku Lourenço Marques, pamene kukwera kwa nyanja imene mvulayo yadzaza kunkalembedwa m'buku lopita ku Zomba.

Zimene 1968 inaphunzitsa ophunzira

Ndodo yoyezera nyanja, thabwa lolembedwa manambala lozikidwa m'madzi, inaikidwa pa dooko la Kachulu, mbali ya Zomba, kuyambira nthawi ya atsamunda. Inali nsungwi ya agogo yomwe ija, koma yosafumbwa, yowerengedwa ndi kulembedwa m'buku. Ubwino wake tisaucepetse. Cifukwa ca iyo, lero munthu angathe kuika zaka zambiri pa pepala limodzi n'kuona kukwera ndi kutsika kwa nyanja ngati mizere ya m'munda.

Mu 1966 aphunzitsi a University of Malawi, motsogozedwa ndi mayi Margaret Kalk, anayamba kafukufuku wa nyanja ya Cilwa. Mwamwayi wawo ndi tsoka lathu, nyanja inawaumira m'manja, conco anaona zonse: kuphwa, kuuma ndi kubwerera. Zimene anapeza anazisindikiza m'buku mu 1979. Anaona kuti madzi akamacepa mcere umaculuka, matope amavunduka, mpweya wa m'madzi umacepa, ndipo nsomba zimayamba kufa nyanja isanaume n'komwe. Anaonanso kuti zotsala zinapulumukira m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo a njedza a m'mbali mwa nyanja. Madzi atabwerera mu 1969, mlamba ndi umene unayamba kuculuka, matemba anatsatira, ndipo makumba anacedwa kuposa onse. Udzu umene unamera pansi pouma unawolera m'madzi n'kukhala cakudya, moti patapita zaka zingapo nsomba zinaculuka kwambiri. M'zaka zabwino asodzi a mbali ya Malawi ankagwira matani oposa 20,000 pa caka.

Ophunzira aja, ndi mabotolo awo ndi makina awo, anafika pa dziwe lomwe lija limene agogo anandionetsa. Ndodo ya ku Kachulu itafika pa ziro inalibenso conena. Cimene cinanena ngati nsomba zidzabwerera cinali ciwerengero ca maiwe amene sanaume, sanathiridwe mankhwala ndipo sanakokoledwe ndi khoka.

Manambala a dziko lonse

Kunja kwa dera lathu, akatswiri ankafunafuna nambala imodzi yoyerekezera maiko. Mu 1989 mayi Malin Falkenmark wa ku Sweden anapereka muyezo umene unachuka kwambiri. Umatenga madzi onse amene mvula imabwezeretsa m'mitsinje ndi pansi pa nthaka pa caka, n'kuwagawa ndi ciwerengero ca anthu. Amawerengera m'makyubiki mita, ndipo kyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, kapena kuti zigubu 50 za malita 20. Munthu mmodzi akamapeza ocepera 1,700 pa caka, dziko layamba kupanikizika. Akacepera 1,000, madzi akusowa. Akacepera 500, zafika posauzana. Manambalawa akuoneka aakulu cifukwa akuphatikiza madzi olimira cakudya ca munthuyo ndi a nchito zina zonse, osati akumwa okha.

Muyezowu uli ndi coonadi cimodzi cimene sitingacithawe, cakuti anthu akaculuka gawo la aliyense limacepa, ngakhale mvula isasinthe. Pa kalembera wa 1966, nyanja itatsala pang'ono kuuma, Malawi anali ndi anthu 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018, caka cimene inaphwanso, anali 17.5 miliyoni. Kwathu kuno tinali pafupifupi 16 miliyoni mu 1997, ndipo mu 2017 tinayandikira 28 miliyoni. Nyanja ndi yomwe ija, mitsinje ndi yomwe ija, koma manja otunga awonjezeka kangapo.

Komabe taonani kumene muyezowu umasocera. Ukauwerengera Mozambiki yense, munthu aliyense amapeza madzi oposa 1,700 kangapo, cifukwa mwalowa Zambezi, Rovuma, Save ndi Limpopo, ndipo madzi oposa theka a m'mitsinje yathu amacokera kumaiko oyandikana nafe. Ukauwerengera Malawi, umagwera pafupi ndi mzere wa 1,000. Pa pepala, mayi wa ku Mecanhelas ndi wolemera madzi, pamene mng'ono wake wokwatiwa tsidya lina la cipilala ndi wosauka. Koma onse awiri akutunga m'dera limodzi, ndipo mwezi wa Outubro onse amadzuka tambala woyamba kukadikira pacitsime. Madzi a Zambezi safika mumtsuko wa ku Mecanhelas.

Lamulo la madzi la dziko lathu la 1991 linazindikira zimenezi pokonza kuti madzi aziyang'aniridwa motsata madera a mitsinje, ndipo ndi mmene anabadwira maofesi a ARA. Mu 2000, ku Windhoek, maiko a SADC anasainira pangano lokonzedwanso la madzi ogawana, limene limati oyandikana azipatsana zimene ayeza. Mu 2015 bungwe la United Nations linaika zolinga 17 za citukuko cokhalitsa, ndipo ca nambala 6 ndi ca madzi. Pansi pake pali zizindikiro zingapo. Cina cimayerekeza madzi amene anthu akupatutsa ndi amene alipo, atacotsapo gawo loyenera kutsalira mtsinje weniweniwo. Cina cimayang'ana ukhondo wa madzi. Cina cimatsata kukula ndi kucepa kwa nyanja ndi madambo pogwiritsa nchito zithunzi zojambulidwa kucokera mumlengalenga. Cinanso cimafunsa ngati maiko ogawana madzi ali ndi mgwirizano umene ukugwiradi nchito. Patapita zaka zambiri, akatswiri anabwerera ku nzeru ya makolo yakuti muyezo umodzi sukwanira.

1995: madzi alipo, nsomba zikutha

Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, ife amene tinathawira ku Malawi tinayamba kubwerera. Tinabwerera m'nyengo yoipa. Cilala ca 1992 cinakantha maiko onse a kuno kumwera, madzinja otsatira sanabweze bwino, ndipo mu 1995 Cilwa inaumanso. Ndinaima pa dooko lomwe lija ndili bambo wa ana anayi, ndipo mwana wanga wamkazi anandifunsa funso lomwe ndinafunsa ine. Ndinamutengera ku Mnembo. Maiwe analipo, koma anthu owazungulira anali ambiri kuposa mu 1968, ndipo onse anali ndi njala.

Mbali ya Malawi, a zausodzi pamodzi ndi mafumu anakhazikitsa makomiti olondera maiwe ndi mathiriro a mitsinje, kuti nsomba zotsala zisaphedwe ndi katupe kapena makoka. Ici cinali cizindikiro ca agogo citasanduka lamulo. Nyanja inabwerera, nsomba zinabwerera, ndipo Cilwa inakhala malo oyamba a Malawi kulowa m'ndandanda wa madambo ofunika wa pangano la Ramsar.

Ku Ciuta nkhani inali ina, ndipo ndi imene imaonetsa bwino kunama kwa muyezo umodzi. Kumeneko madzi analipo. Munthu wowerenga ndodo yekha akanati zonse zili bwino. Koma asodzi a makoka a nkaca, a maso ang'onoang'ono okokolola ndi tiana tomwe, anali ataculuka pa nyanjayo, ena ocokera ku Cilwa. Eni dera anaona kuti nsomba zikucepa msinkhu ndipo madzi akumwa akuvunduka. Mu 1995 asodzi a mbali ya Malawi anapanga makomiti awo n'kuthamangitsa nkaca. Popeza malamulo a mbali ziwirizi sanali ofanana, khoka loletsedwa tsidya lina linkangowoloka, ndipo kusamvana pakati pa abale a cilankhulo cimodzi kunatenga zaka. Cimene cinacenjeza anthu si kuya kwa madzi, koma kukula kwa nsomba m'dengu.

Nyanja yodzaza imanyenganso

Mu 2012 Cilwa inaphwa kwambiri, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso, mabwato n'kugona pamatope ku Kachulu. Mvula ya Março 2019, ya nyengo ya namondwe wa Idai, inaidzazanso. Mu Março 2023 namondwe wa Freddy anathira madzi oculuka moti nyanja inalowa m'minda ndi m'midzi. Amene anabadwa posacedwa angaganize kuti vuto la Cilwa ndi kusefukira basi.

Ine ndimaopa nyanja yodzaza ndi namondwe kuposa mmene ndinkaopera youma ya 1968. Madzi obwera masiku atatu amatsika ndi dothi la m'minda ya m'mapiri opanda mitengo. Dothilo limakwirira maiwe ndi kukweza pansi pa nyanja, moti ndodo ingathe kuonetsa nambala ya kale pamene madzi enieni ndi ocepa. Mvula yothamanga cotero silowa pansi, conco mtsinje umene unakokolola milatho mu Março ungathe kuduka msanga m'cilimwe. Komanso madzi ambiri si madzi abwino. Kolera wakhala akubwerabwera pakati pa asodzi okhala m'zimbowera, timisasa toyandama ta pakati pa njedza, kumene madzi akumwa ndi a cimbudzi ndi amodzi. Ndodo ya pa dooko siona zimenezi.

Palinso madzi amene safika n'komwe kunyanja. Minda ya mpunga yothirira ya ku Likangala ndi ku Domasi inatsegulidwa cakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970, ndipo kuyambira pamenepo madimba ndi ngalande zawonjezeka m'mitsinje yonse, ya uko ndi ya kuno. Sindikunyoza wothirira, inenso ndimadya za kudimba. Koma ndowa iliyonse yopatutsidwa m'cilimwe imacotsedwa pa dziwe limene likusunga mbewu ya nsomba, ndipo ngati palibe wowerenga, tidzadziwa kuti tapyola muyezo dziwe litauma kale.

Zoti tizilemba ife eni

Cakudza siciimba ng'oma. Cilwa idzaumanso, kaya tili moyo kaya tapita. Ikadzauma kudzakhala misonkhano, ya ku distrito ndi ya maiko awiri, yokambirana maiwe oti atsekedwe, ngalande zoti zicepetsedwe ndi midzi yoti ikumbiridwe mijigo. Pa misonkhano yotere amamvedwa ndi amene wabwera ndi zolemba. Mudzi umene udzangoti "kale madzi anali ambiri" adzaumvera cisoni n'kupitirira.

Conco pempho langa kwa mafumu, aphunzitsi ndi makomiti a m'midzi ya m'malire ndi lakuti mudzi uliwonse ukhale ndi kaderno imodzi ya madzi, yosungidwa ku xikola kapena kwa mfumu. Tizilembamo kawiri pa caka, sabata yoyamba ya Maio mvula itatha ndi sabata yoyamba ya Novembro isanayambe, pa malo omwewo caka ndi caka.

Tilembe pamene madzi alekezera pa mtengo wozikika kapena pa mwala wosasuntha. Tilembe tsiku limene mtsinje waduka, ndi maiwe amene atsala pakati pa malo awiri odziwika. Tilembe kutalika kwa cingwe pa citsime cimodzi cosankhidwa, m'mamita, ndi mabanja amene akutungapo. Tiwerenge matemba odzaza kapu imodzi yomweyo: akamaculuka m'kapumo caka ndi caka, ndiye kuti akucepa msinkhu. Pambali pake tilembe makoka ndi mabwato a pa dooko. Tilembe ngalande ndi makina opopa amene ali pa mtsinje, ndiponso mwezi umene matenda otsegula m'mimba anavuta. Mvula nayo ingayezedwe ndi ana a xikola: citini ca m'mbali mowongoka coikidwa pabwalo, ndi rula. Milimita imodzi m'citinimo ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi.

Nambala ya caka cimodzi ilibe phindu. Ya zaka zisanu imayamba kulankhula, ya zaka khumi imatsutsa ngakhale mlendo wobwera ndi galimoto. Ndipo tisaiwale mbali yaciwiri ya nzeru ya makolo, yakuti muyezo uzitsogolera ku cocita. Tigwirizane nyanja ikadali yodzaza kuti mtsinje ukaduka mwezi wakutiwakuti usanafike, maiwe akutiakuti atsekedwa, ndipo makina opopa azisinthana masiku. Lamulo lopangana anthu ali okhuta limasungika kuposa lopangana pa njala. Kaderno yathu tiziionetsanso abale a tsidya lija, iwonso atiwerengere yawo. Timakumana kale pa maliro, pa maukwati ndi pa msika wa ku Nayuchi. Mitsinje yawo ndi yathu ikudzaza mbale imodzi.

Cilimwe capitaci ndinapitanso pa dziwe la agogo, nditatsamira ndodo, mdzukulu wanga atandinyamulira mpando. Mtengo wa mthunzi uja unadulidwa. Mcenga wadya pafupifupi theka la dziwe, ndipo dimba la tomato lafika m'mphepete mwenimweni. Tinakhala cete kanthawi, kenako mwanayo analoza: timatemba tinalimo, tocepa koma tamoyo. Ndinamuuza kuti atenge nsungwi ayeze pakati pa dziwe. Madzi anafika masentimita 80. Tinalemba nambalayo ndi tsiku lake pa tsamba loyamba la kaderno yatsopano, ndipo ndamuuza kuti Novembro wa caka ca mawa adzabwerenso pomwepo, kaya ine ndidzatha kuyenda kaya ayi.